Zotsatira Muziuza Ine

Mayi Phwete anali ndi saluni ya chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya matayala: mipando iwiri, chowumitsira tsitsi cholira ngati njinga yamoto, ndi kalilole wong'aluka pakona. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa mayiwa akayamba kuseka, ngakhale wopopa matayala ankaleka ntchito n'kusuzumira. Kuluka anayamba ali mtsikana, ana onse analera ndi zala zomwezo. Analinso munthu wosapusitsika. Wogulitsa mesh yolukira tsitsi yabodza ankamuthamangitsa ndi chipeso m'manja. Amene ankamukhulupirira ndi maso otseka anali mmodzi yekha basi, mwamuna wawo, wojambula zithunzi pa maukwati.

Ndiye kunsi kwa khutu lamanzere kunatuluka kachotupa ngati mtedza, kosapweteka n'komwe. Kasitomala wina, namwino, anakagwira n'kunena kuti, "Mayi, izi si zoseka nazo, pitani akakuoneni."

Anapita ndi mwamuna wawo. Dokotala anati pamenepo pali chiwalo chopanga malovu, ndipo abaya ndi singano yopyapyala, atenge timaselo akaunike ngati muli khansa. Anabayadi, n'kupaka pa tigalasi. Mayi Phwete, pakamwa posatseka paja, anati, "Adokotala, ine ntchito imandichulukira. Zotsatira mudzauze abambowa, mukauza iwowa mwauza ine."

Tsiku la zotsatira saluni inadzaza ndi mkwatibwi ndi operekeza ake. Abambo anapita okha. Anabwerako akumwetulira, chakumwa chozizira m'manja.

"Akuti ndi mafuta chabe, amayi. Kadzaphwa kokha."

Mayi Phwete anavina pakati pa saluni, lumo lili m'manja, mkwatibwi akukuwa kuti amudula khutu.

Kuphwa kwake kuti? Miyezi ikupita, mtedza uja unasanduka dzira, lolimba gwa. Kenako kunabwera ululu wolasa mpaka m'khutu. Akadandaula, abambo ankathamangira mapiritsi. M'mawa wina mayiwa akumwa tiyi, tiyi anatsikira pachibwano, ndipo diso lamanzere linakana kutseka.

Dokotala atawaona anavula magalasi.

"Mayi, munali kuti nthawi yonseyi? Singano ija inaonetsa maselo okayikitsa kwambiri. Ndinawauza abambowa kuti zikaoneka choncho, nthawi zambiri imakhala khansa, tichotse msanga. Pano yagwira mtsempha woyendetsa nkhope. Tiyesetsa, koma ntchito yakula."

Mayi Phwete anatembenuka. Abambo anali chilili pakhomo, atakumbatira chikwama cha akazi awo, maso ali pa nsapato.

"Abambo, mafuta aja ndi amenewa?"

"Amayi, mundimvetse. Anati sakutsimikiza kwenikweni. Anatinso pochita opaleshoni mtsempha ukhoza kukhudzidwa, kukamwa n'kupotoka. Ndinaganiza za nkhope yanuyi, ndinati mwina…"

"Munati mwina! Ndi khosi langa?"

Mawu ankatuluka mbali imodzi, malovu akudontha, koma sanapukute. Khansa sankaiopa panthawiyo ayi. Chinkawawotcha mumtima ndi choti munthuyu ankawathira madzi osamba, ankawapatsa mapiritsi, ankagona pambali pawo, akudziwa. Tsiku lililonse ankachiona chotupacho chikukula, iye duu! Bola akanakhala mdani, munthu umadziwa podzitchinga.

"Ndinkakukondani, amayi," anatero abambo, misozi ili mbwembwembwe.

"Munkakonda nkhope. Ine mwini wake simunandifunse."

Namwino wa m'chipindamo anakhosomola pang'ono, n'kunena kuti afunika kujambulidwa m'khosi ndi m'chifuwa kuti aone ngati matenda afalikira.

"Zikatuluka tiuze ndani, mayi? Abambowa?"

Mayi Phwete anadzuka, n'kulanda chikwama chawo m'manja mwa mwamunayo. Zipi inavuta, analimbana nayo okha.

"Muziuza ine. Kaya n'zoti ndikufa, muziuza ine. Awa angondiperekeza."