Jagi ya Bana Mwape

Ndikamva fungo la klorini, ngakhale m'chipatala choyera bwanji, ndimabwerera ku Kanyama, komboni imene ndinakuliramo, m'nyengo ya mvula, pamene madzi a m'zimbudzi ndi a m'zitsime ankapatsana moni pakhomo pathu, utsi wa mbaula za makala onyowa ukukwawa pansi pa malata, achule akulira dzuwa lili paliwombo, ndipo chapatali majombo a Bana Mwape akumveka phwa phwa pa miyala imene tinkaika m'matope kuti tiziwolokerapo. Anali mayi wachiBemba, wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo nyumba yawo ndi yathu zinkalekana ndi khoma limodzi la mabuloko. M'mawa ankakazinga zitumbuwa. Masana ankayenda khomo ndi khomo atanyamula kabotolo ka klorini ndi jagi yapulasitiki yobiriwira, chifukwa anali mmodzi wa anthu odzipereka a pakiliniki, ophunzitsa zaumoyo m'makomboni.

Mumzere wathu munali aTonga, aLozi, banja la ku Congo losoka zovala, ndi ife zidzukulu za aMalawi. Bana Mwape ankalonjera aliyense m'chilankhulo chake, mopotoza koma mopanda manyazi, mpaka mwini nyumba aseke n'kuwatulutsira mpando. "Ukamusekesa, azakumvela," ankatero.

Akuluakulu a zaumoyo nawo ankabwera, ngati kumeneko n'kubwera. Galimoto yawo yoyera inkaima pamene tala wathera, chimkuzamawu n'kumakuwa m'Chingerezi, kenako wina n'kutsika kukamata chithunzi pakhoma la golosale. Pachithunzipo panali mayi womwetulira akusamba m'manja pa sinki yonyezimira, madzi akutuluka okha pampopi. Mpaka lero ndikachikumbukira mtima umanditentha. Sinki ku Kanyama! Ife amene tinkadzuka kukafola ndi zigubu! Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadetsa nsapato zake kudzaona mmene tinkasambira m'manja. Akanabwera, akanaona beseni.

Bambo anga, a Phiri, anali kalipentala. Atate awo anachokera ku Dedza kudzaphikira azungu, ndipo bambo, amene Dedza sanamuonepo ndi maso, ankasunga mwambo wa kumeneko kuposa eni ake. Nthawi ya chakudya ine, mwana wamkazi wamkulu, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndinkagwada ndi beseni la madzi. Bambo ankayamba, kenako amayi, achimwene anga awiri, ine, ndipo pomalizira Tadala, chitsirizira wathu wa zaka zinayi. Madziwo akamafika kwa iye ankakhala otuwa, utuchi ukuyandama pamwamba, koma iye ankawakonda choncho, n'kumawamenya ndi zikhatho kuti andinyowetse.

Chaka chimene kolera inalowa mumzere wathu, Bana Mwape anatipeza Lamlungu masana, beseni lili m'manja mwanga.

"Ba Phiri, muli bwanji mukwai? Nabwela na kankhani kang'ono chabe," anatero atakhala pansi pakhomo. "Iyi dishi tiyeni tiipumuze. Mwana azikuthilani manzi na jagi, dishi izinkala pansi yolandila chabe. Ulemu ni wamene uja, imwe ndimwe oyamba, koma aliyense manzi yake."

Bambo anawayang'ana kuyambira kumajombo mpaka kuduku. Iwo Chinyanja cha m'tauni sankachilola m'nyumba mwawo, ndipo anayankha m'Chichewa cha atate awo. "Mayi, atate anga anasamba m'beseni mpaka imvi. Mukutanthauza kuti manja anga ndi onyansa kwa ana anga omwe?"

"Sininakambe so. Doti ya kolera siioneka, ba Phiri. Uyu mung'ono ndiye asambila vonse vamene mwasiya imwe bakulu."

"Kaphunzitseni aBemba anzanu. Muno tili ndi mwambo wa kwathu."

Bana Mwape sanakwiye. Anadzuka, n'kusiya jagi ija pakhonde, ndipo podutsa pafupi nane anatsitsa mawu. "Esinati, ndiwe ugwila dishi. Wamvela ka?" Ndinamva, mawu onse. Bambo analamula kuti ndiibweze jagiyo, koma ine ndinakaibisa kunsi kwa bedi.

Patapita masiku ochepa anamwalira a Mbewe, gogo wa ku Dedza amene anali mnzawo wa agogo anga. Anatsegula m'mimba m'mawa, madzulo kunali maliro. Abale ananena kuti ndi ukalamba, ngakhale aliyense ankadziwa kuti ndi kolera, chifukwa ankaopa kuti a boma akamva atenga mtembo, aukulunga m'pulasitiki n'kukauika popanda kuusambitsa. Chifukwa chochitira zimenezo chimkuzamawu chija sichinatiuzepo m'chilankhulo chimene tikanamva. Ife tinkangoona ngati chipongwe kwa akufa. Choncho amuna achiMalawi anatseka chitseko n'kusambitsa okha mtembo, ndipo bambo anali m'gulumo.

Bambo anafika kunyumba masana, atatopa, ali ndi njala. Sopo anali atatha. Ndinagwada ndi beseni monga mwa masiku onse, ndipo ndinaona manja awo akulowa m'madzi. Jagi inali kunsi kwa bedi, mapazi atatu kuchoka pamene ndinagwada. Ndinayang'ana nkhope ya bambo, maso ofiira ndi kulira mnzawo wa atate awo, ndipo ndinaopa kuitulutsa jagiyo. Ndinapititsa beseni kwa amayi, kwa achimwene, ndinaviika zala zanga pang'ono, kenako ndinalifikitsa kwa Tadala. Anamenya madzi, anaseka, ananyambita chala.

Tsiku lachiwiri kutacha Tadala anayamba kutsegula m'mimba, zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Bambo anati ndi mango osapsa. Pofika masana maso anali atalowa m'kati, khungu ukalitsina silinkabwerera, ndipo amayi anapempha kuti apite naye kumatenti kumene ankagoneka odwala kolera. Bambo anaima pachitseko. "Wolowa m'matenti aja sabwerako. Mwana wanga sakulungidwa m'pulasitiki." Ankamukonda mwanayo, zimenezo sindikana, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri.

Ndinatulukira pawindo n'kukagogoda kwa Bana Mwape. Analowa kwathu popanda odi.

"Chokani pa chitseko, ba Phiri. Muzanitukana mailo, lelo mwana ayenda."

Sindinaonepo munthu akulankhula ndi bambo motero, ndipo sindinawaonepo bambo akupatuka, koma anapatuka. Bana Mwape anasungunula shuga ndi mchere m'botolo la madzi owiritsa, anabereka Tadala kumsana, ndipo tinayamba kuyenda, amayi ndi ine pambuyo, madzi a matope akufika m'mawondo, tikuima pang'ono pang'ono kuti timumwetse. Galimoto sizinkalowa kwathu nyengo imeneyo. Namwino atamulandira anangofunsa kuti, "Anayamba nthawi yanji?" Amayi atayankha, namwinoyo anamutengera m'kati mwa tenti. Tadala anamwalira dzuwa lisanalowe.

Anamuika a boma, m'pulasitiki, ife titaima patali. Chimene bambo ankathawa ndicho chinawapeza.

Anthu ophunzira amandiuza kuti mwina anali madzi a pachitsime, mwina ntchentche, kuti palibe angadziwe. Zikomo. Iwo sanagwire beseni lija.

Pobwera kumanda tinapeza amayi a kutchalitchi aika chibeseni chachikulu pageti, monga mwa mwambo, kuti aliyense wochokera kumanda asambemo m'manja asanalowe pasiwa. Boma linali litaletsa misonkhano, koma anthu anali tho, mzere wonse. Woyamba anali atapinda kale malaya. Bana Mwape anadutsa pakati pawo, anagwira chibesenicho ndi manja awiri n'kuchikhuthulira m'matope. Nyimbo inaduka. Wina anati mayiyu wapenga, wina anati aBemba alibe ulemu ndi maliro a eni.

"Nitukaneni, nilibe nazo ntchito," anatero. "Taika mwana lelo. Mufuna tiike bangati? Esinati, leta jagi."

Ndinakaitulutsa kunsi kwa bedi anthu onse akuona. Anadontheza klorini mu ndowa ya madzi, n'kuima pageti, ndipo aliyense wofika ankamuthira madzi akeake, akumupepesa m'chilankhulo chake, mTonga m'Chitonga, telala wa ku Congo m'Chiswahili chawo chopotoka chija. Tsiku limenelo panalibe amene anaseka. Ena anang'ung'udza, koma onse anatambasula manja.

Bambo anatsalira kumbuyo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawaona akusamba pomalizira. Atafika pageti, Bana Mwape sanawathire. Anadzaza jagi n'kundipatsa ine. "Thila iwe." Bambo anatambasula manja awo a kalipentala aja, okhakhala, maso ali pansi. Ndinathira pang'onopang'ono, ndipo ngakhale manja anali atayera kale sindinaleke mpaka jagi inatha. Nkhaniyi sitinaikambepo, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse mpaka bambo anamwalira. Koma beseni silinazungulirenso m'nyumba mwathu.

Chaka chotsatira galimoto yoyera ija inabweranso, inaima pamalo omwe aja, ndipo anamata chithunzi chatsopano, cha sinki yomwe ija. Patapita nthawi anayamba kufuna odzipereka okhala ndi satifiketi ndiponso olankhula Chingerezi, ndipo Bana Mwape, amene ankatha kulowa m'nyumba za mitundu isanu, anauzidwa kuti akapume. Anabwerera ku zitumbuwa zawo. Bambo ndinawakhululukira mochedwa, nditawaona akukalamba ndi manja aja. Ine mwini ndikuyesabe kudzikhululukira. Koma anthu a chithunzi chija sindinawakhululukire, ndipo sindikuganiza kuti ndidzatero.

Lero ndine amene ndimayenda khomo ndi khomo, m'makomboni a Chawama ndi George, ndipo ndikalowa m'nyumba sindiyamba ndi kuphunzitsa. Ndimapempha kuti andionetse mmene amasambira m'manja. Jagi ya Bana Mwape ndili nayobe, chogwirira chake ndinachimanga ndi waya. Apongozi anga akabwera kudzacheza amati ndine wamwano, ndipo ndimawasiya anene. Kwanga aliyense amasamba madzi akeake, ndipo woyamba kusamba ndi mwana wamng'ono.