Mkanjo Wosuluka wa Abambo

Dzulo mdzukulu wanga amadandaula kuti diresi lake lasuluka ndi dzuwa. Ine ndinangoseka ndekha.

Ndili mwana, amayi ankachapa zovala za Misa kumishoni. Nyengo ya Lenti, yosala kudya ija, ansembe athu, amene tinkangowatchula kuti abambo, ankavala mkanjo wapepo. Limba linkakhala chete, paguwa popanda duwa. Tsono Lamulungu lina abambo anatulukira atavala wapinki. Ndinangoti chamumtima: amayi auiwala padzuwa, wasuluka, ntchito yawathera! Koma nanga maluwa adzaza bwanji paguwa, limba nkumalira? Ndinayang'ana amayi. Iwo ankangoimba.

Titatuluka ndinawakoka nsalu. "Amayi, kodi akuchotsani ntchito?"

"Chifukwa?"

"Mwasulutsa mkanjo wa abambo."

Anaseka mpaka misozi. "Mwana iwe! Umenewo ndi wina, umakhala m'bokosi. Auvala lero chifukwa tafika pakati pa Lenti, tsiku lopumulako. Popita ku Namitete ndi dengu la mtedza pamutu, sumatula panjira?"

"Ndiye kusala kwatha, eti?"

"Ayi, mawa tisenzanso."

Ndasenza zolemera zambiri m'moyo uno, koma potula panjira sindinachitepo manyazi.