Matope Amene Mayi Lufina Anasenza

Mayi Lufina a ku Mlangeni ankalima kachewere kumtunda kwa damu lathu lakale, m'munda umene anawasiyira malemu amuna awo, a Maynard. Damulo litakwiririka, mudzi wonse unaloza chala malemuwo, ati ndiwo anagwetsa mitengo potsegula mundawo, dothi n'kukokolokera m'madzi. Poti malemu sangayankhe, aliyense pakamwa panamuyera. Komiti ya damu inagamula kuti mayiwo akangokolola achokemo.

Kenako kunabwera Najma, mtsikana wa kuyunivesite wofufuza za matope. Anatiuza kuti kale mayiko akuluakulu ankayesa mabomba mumlengalenga, fumbi lake n'kugwa ndi mvula padziko lonse, kwathu kuno komwe. Fumbilo linatsala m'matope ngati chidindo. Ukazika paipi pansi pa damu n'kuizula, makina amaonetsa kuti matope awa ndi a liti, awa ndi a liti.

"Ndiye mungadziwe ngati damuli linayamba kukwiririka bambo akunyumba asanatsegule munda?" anafunsa Mayi Lufina.

"Tingadziwe, amayi, bola matopewo asawakhudze munthu. Ndibwera ndi anzanga mwezi wamawa."

A Chrispine, apampando a komiti, nthawi yonseyi anali pafoni. Iwo anangotolapo zoti kukubwera alendo apagalimoto. "Alendo adzaone uve umenewu? Manyazi bwanji!" Analamula kuti aliyense abwere ndi khasu ndi ndowa kudzakumba matopewo. Mayi Lufina anachonderera mpaka kugwada, koma anawayankha kuti, "Inu ndiye muyambe kusenza, ndi matope a amuna anu."

Anasenzadi, matope onunkha akuyenderera m'khosi, achinyamata akuponda damu lonse ngati akuponda dothi la njerwa. 

Tsiku la alendo a Chrispine anatchena jekete, kudikira kuthokozedwa. Najma anangoyang'ana maenjewo, mapaipi osawatsitsa n'komwe m'galimoto. Mayi Lufina anamukokera pa mulu wa matope umene anaunjika ndi mutu wawo.

"Mwanawe, onse ali pano, sindinataye ndi pang'ono pomwe. Sungayeze omwewa?"

"Asakanikirana, amayi. A dzana ndi a kalekale ali pamodzi."

Mayi Lufina atakolola anachokadi m'mundamo. Lero amagulitsa kachewere wa eni m'mbali mwa msewu, ndipo mulu uja a komiti anaumbira njerwa.