Pampu yathu tinaimanga pakamwa

Gu! Gu! Gu! Munsi wa agogo umenewo. Makolo atamwalira ndinatsala ndi iwo okha, ndiye khutu langa linkakhalira pa mtondo. Munsi ukayamba kudumphiza, ndinkadziwa kuti thupi lawavuta, ngakhale pakamwa akuti ali bwino.

Sabata ino ndamva kuti kumvetsera kotereku ndi ntchito, anthu amakwerera ndege!

Misozi, mnzanga wa ku pulayimale kuno ku Vubwi, anabwera kudzaona mayi ake. Iye amayang'anira makina opopa gasi amene amakhala pansi pa nyanja yamchere, kumene munthu safika. Ndinamufunsa kuti chinthu chosaoneka amadziwa bwanji kuti chadwala.

"Timachimvera, iwe! Timayamba taphunzira mmene chimanjenjemerera chili bwino. Chikasintha pang'ono, kompyuta imatiuza chisanafe."

Ndinamukokera ku pampu yathu ya sola, imene nayonso imakhala m'madzi pansi pa chitsime. Atafika analoza paipi.

"Mphira zonsezi n'zachiyani?"

"Inkasokosa nthawi ya mapemphero," anayankha a Phiri a komiti ya madzi. "Tinaimanga, pano ili phee."

"Abambo, mwana akulira inu mwamugwira pakamwa?" anatero Misozi.

Anamasula mphirazo n'kumata pa paipi kachipangizo kangati bokosi la machesi. Pa foni pake panatuluka mizere yolumphalumpha. Tinathamangira ku pampu ya kusukulu, imene inaikidwa limodzi ndi yathu, n'kumatanso kachipangizoko. Mizere yake yofatsa bwinobwino. Yathuyi, anatero Misozi, ikumeza mchenga, koma tikaikweza pang'ono msanga ipulumuka.

Ikanafa m'chilimwe chino, agogo ndi msana wawo uja akanabwerera kokafukula madzi kudambo.

Kodi si mmene timachitira tonse? Minibasi ya ku Chipata ikagogoda kunsi, dalaivala amakweza wailesi. Chigayo chikasintha mawu timati bola chikugaya. Mkulu akamatsokomola timati ndi fumbi. Paja wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Anzathu akumva makina ali pansi pa nyanja, ife yapakhomo yatikanika bwanji?

Pampu tinaikweza Lachinayi, ndipo mizere inafatsa. A Phiri anavina atanyamula mphira zija.

M'mawa mwake Misozi anandiitana ali kale pa njinga yamoto. Anandifumbatitsa kachipangizo kaja.

"Iwe sulongolola, ndiye umamva. Foni yako ndaikonza kale. Lolemba lililonse uzikamata pa paipi, mizereyo unditumizire."

Njinga inalira, fumbi koboo.