Chithunzi cha Malemu Amuna Anga Chinkangogwa

Anthu ena ndikawauza nkhaniyi amati ndikukokomeza, koma ine mphamvu zopeka nkhani ndizitenga kuti, munthu woti ndakalamba ndi dengu la tiyi kumsana? Zinandichitikiradi, ndipo wokayika apite ku Mandeya akaone mulu wa njerwa umene udakalipo pafupi ndi nthochi zanga.

Amuna anga atamwalira ndinayenera kutuluka m'nyumba ya kukomponi ya esiteti, ndiye ndinasamukira m'kanyumba kamene malemuwo anamanga m'munsi mwa phiri, ka njerwa zosaotcha koma kopaka simenti bwinobwino. Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Mutare ataona kuti ndikungokhala duu kuyang'ana khoma lopanda kanthu, anatenga zithunzi zonse zimene zinali m'sutikesi n'kukaziika m'mafelemu agalasi. Tinatha tsiku lathunthu tikukhoma misomali pabalaza, iye atakwera pampando ndi hamala, ine ndili pansi kumuuza kuti chapendekeka, akweze pang'ono. Pamwamba tinaika agogo amene anachoka ku Mulanje wapansi kudzathyola tiyi kuno, m'munsi ana ndi zidzukulu, pakati penipeni malemu amuna anga atavala jekete la ukwati. Kunena zoona panakongola, moti alendo ankayamba aima kaye pakhomapo asanakhale pansi.

Mvula itayamba, chithunzi cha pakaticho chinayamba kupendekeka. Ndikachiwongola m'mawa, pofika masana chapendekekanso. Kenako chinagwa, msomali n'kuzuka. Ndinakhoma wina wautali, chinagwanso. Zina zonse zili phee, koma cha malemu chokha! Inu mukadakhala ine mukadaganiza chiyani?

Tsoka lake tsiku lina chinagwa alamu anga alipo, achemwali a malemuwo, amene kuno timawatchula kuti atete. Anadzuka osatsiriza n'komwe tiyi, ati mchimwene wawo akukana kukhala nyumba imodzi ndi ine, ndipo wakufa sakana popanda chifukwa. Nkhani inakafika ku Hauna ine ndisanakwere kombi, minibasi yathu ya kuno, moti azimayi amene ndinkagulitsa nawo nthochi pamsika anayamba kusuntha madengu awo ndikafika. Kenako atete anabwera ndi mneneri wa zovala zoyera, amene anawaza madzi m'nyumba monse n'kundiuza kuti ndiulule chimene ndinadyetsa amuna anga. Ine amene ndinkawasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa nthawi yonse ya matenda awo, achibalewo osaoneka ngakhale ndi kankhuku komwe? Sindinalire, sindinakangane nawo, ndinali nditatopa mpaka m'mafupa. Ndinkangotola chithunzicho n'kuchipachikanso, poti ndikanachibisa akanati ndavomera mlandu.

Tsiku lakelo kunali masana, mvula itagwa masiku ambiri osapuma, nkhungu itaphimba minda yonse ya tiyi. Ndinakhala pasofa nditatsamira khoma lomwelo ndikusankha nyemba, ndiye ndinangomva chithunzi chija chikundikhudza paphewa, galasi n'kuswekera pansi. Ulendo umenewo ndinalankhula nacho, anthuni. Ndinawafunsa malemuwo mokweza kuti kodi ine ndidzapuma liti, ali moyo ndinawanyamula, atamwalira ndiziwanyamulabe? Ndinatolera magalasiwo m'mbale yakale, chithunzi m'khwapa, n'kutuluka kuti ndikawataye kuchimbudzi asandicheke mapazi.

Ndisanafike n'komwe ndinamva phokoso ngati mtengo waukulu ukuthyoka, nthaka n'kunjenjemera. Potembenuka ndinaona khoma lonse la zithunzi likugwera mkati, malata n'kutsatira, matope ochokera kuphiri akukhuthukira pabalaza ngati phala. Sofa imene ndinakhalapo ija sinaonekenso. Ndinangokhala pansi m'matope mvula ikundimenya, mpaka aneba anathamanga kudzandinyamula.

Mmisiri amene anabwera kudzaona anati madzi a kuphiri ankadya maziko pang'onopang'ono, khoma linali litang'ambika kale mkati mwa pulasitala, ndipo mng'aluwo unadutsa penipeni pamene tinakhoma msomali wa pakati. Atete nawo anatulukira ndi paketi ya shuga misozi ili mbwembwembwe, ati tsopano aona kuti mchimwene wawo ankandikoka kuti nditulukemo chifukwa chondikonda. Pakamwa pomwe paja! Kupepesa ayi. Shugayo ndinalandira, nanga ndikanatani?

Chithunzi cha agogo sitinachipezenso, chinathera m'matope, ndipo chinali chokhacho, moti zidzukulu zikandifunsa nkhope yawo ndimangofotokoza ndi pakamwa. Pano ndikukhala m'kachipinda kamodzi kamene kanatsala, ndipo mwana wanga akamati tikhomenso zithunzi ndimamuuza kuti ayambe wadikira, mtima sunakhale pansi.

Ngati malemu anandipulumutsadi, akudziwa ndi Mulungu. Ine chimene ndikukhulupirira n'chakuti nyumba inkatiuza kuti ikugwa, koma tonse tinatanganidwa ndi kufunafuna mfiti. Choncho inu amene munamanga m'mapiri muno, chinthu chikamagwaigwa pakhoma, tengani khasu mukaone kuseri kwa nyumba musanaloze chala mkazi wamasiye.