Ulemu wanga unatsala pang'ono kupha a Kochi

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha munthu ndi ulemu. Sindinamumenye ayi, ndinangoyankha kuti chabwino bwana pamene ndinkayenera kukana.

Ndimayendetsa galimoto kuno ku Dubai. M'nthawi ya kolona bwana wanga anali bambo wina wa ku Japan, mphunzitsi wa mpira pa kalabu ina, ndipo tonse tinkangowatchula kuti a Kochi. Paunyamata wawo anali wotchinga kumbuyo wotchuka kwawoko. Ankandiuza tili pamsewu kuti mpira wawo unathera pa bondo. Anavulala, n'kubisa kwa dokotala wa timu poopa kukhumudwitsa anzawo, namangosewera atakukuta mano mpaka bondolo linatheratu. N'chifukwa chake atayamba uphunzitsi, lamulo lawo loyamba linali lakuti wobisa ululu asaponde m'bwalo.

Anali ndi mwambo umene poyamba unkandiseketsa. Asanalowe m'bwalo ankaima pamzere n'kuweramira udzu, ngati mkamwini wakumana ndi apongozi panjira. Osewera atauzidwa kuti azikhala kunyumba, a Kochi ankapitabe m'mawa uliwonse, kuwerama, n'kumawaphunzitsa pafoni ali okha pakati pa bwalo.

Kenako anayamba kutsokomola. Nditafunsa anati ndi kuzizira kwa m'galimoto. Patapita masiku chakudya anasiya, thukuta lili kamukamu, ndipo akakhala kumpando wakumbuyo ndinkamva mpweya wawo ukulira ngati mvukuto wobooka. Mantha anandigwira, moti ndinkayang'ana pagalasi kuposa pamsewu, kuona ngati chifuwa chawo chikukwerabe. Koma kwathu tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa. Bwana akati ali bwino, iwe ndiwe ndani?

Akazi awo, amene anatsalira ku Japan ndege zitaimitsidwa, anandiimbira ine chifukwa amuna awo anasiya kuonetsa nkhope pafoni. A Kochi anali atandipempha kale kuti ndisawadandaulitse. Ndinawauza kuti bwana ndi otanganidwa basi. Mayiwo anandithokoza kambirimbiri.

Ndinakaulula kwa namwino wina wa ku Zambia amene tinkakhala naye nyumba yosanja imodzi ku Deira. Sanandisekerere. "Achimwene, khalas, basi zakwana! Itanani ambulansi lelo lomwe, muzapepesa pambuyo," anatero. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati ndione kaye m'mene adzukire mawa. Pakadafunda padajiwitsa galu.

M'mawa mwake anatuluka m'galimoto akugwira chitseko. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamzere, anawerama monga mwa masiku onse, koma sanaweramuke. Anagwera kutsogolo, chipumi paudzu. Nditawatembenuza n'kuchotsa masiki, milomo inali itatuwa ngati phulusa, maso ali tong'o. M'bwalo monse muja munalibe munthu woti n'kumukuwira. Pamene ndinkatulutsa foni anandigwira buluku, n'kunong'ona kuti ndisaimbe, angopuma pang'ono. Tsiku limenelo ndi limene ndinawakanira koyamba, ndipo ndinaimba uku ndikulira ngati mwana.

Anakhala nthawi yaitali pa makina opumira. Inenso achipatala ananditsekera m'chipinda chandekha poopa kuti ndatengera kolonayo, ndipo foni ikangolira ndinkati uthenga wa maliro uja ndi umenewu. Dokotala anauza akazi awo kuti akadafika msanga mapapo sakadawonongeka chonchi. Mayiwo sananditukwane, akadatero mwina zikadandipepukira. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga bwanji munandiuza kuti ali bwino?"

Anachira, koma osati kwenikweni. Masewero atatsegulidwa anabwerera m'bwalo ataonda, osewera atawazungulira. Anaika wezulo pakamwa kuti ayambitse zokonzekera, koma munangotuluka kampweya kopanda mawu. Anayesanso, chimodzimodzi. Munthu amene mluzu wake unkamveka mpaka koimika magalimoto anangoima, wezulo ili m'manja. Bondo linawalanda kusewera, mapapo anawalanda uphunzitsi, ndipo kachiwirika ine ndinathandizira.

Tsiku lobwerera kwawo ndinawaperekeza kubwalo la ndege. Anandiweramira monga ankaweramira udzu uja, n'kunena kuti ndinawapulumutsa. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene mukugwira ntchito m'nyumba ndi m'magalimoto a anthu kunja kuno, manyazi anapha lambe. Munthu akamabanika pamaso panu, musamufunse chilolezo, kaya ndi bwana, kaya ndi bambo anu okubalani. Imbani foni, akukalipireni ali ndi mpweya wokalipira. Ine ndinawamvera a Kochi, ndipo lero sangathe ngakhale kuimba wezulo.