Mwala Wovindikira Mtsuko wa Amayi

Mtsuko wathu wa madzi akumwa sitinkavindikira ndi mbale ngati anzathu. Tinkavindikira ndi mwala. Unali wathyathyathya, wotuwa ngati phulusa lonyowa, wongokwana pakamwa pa mtsukowo. Pamwamba pake panali tsamba. Osati lojambula ayi, tsamba lenileni, lalitali ngati lilime la mwana wa ng'ombe, mitsempha yake yonse ikuoneka. Koma ukalikanda ndi chikhadabo, gwa! Mwala basi.

Anatumiza mwalawo ndi abambo. Iwo anapita ku Wanki kukakumba malasha ine ndili kumsana, n'kutchona komweko. Anzawo ankabwera ndi mabulangete ndi njinga. Ife munthu wina wa ku Mpama anatibweretsera mwala wokulunga m'chiguduli, ndi mawu akuti, "Akuti muone zimene tikuzipeza pansi pa dziko." Amayi anautembenuza uku ndi uku. "Ndiye tiphike umenewu?" Anauika pamtsuko, ndipo kuyambira tsikulo dzina la abambo ankalitchula pokhapokha akafuna kutukwana.

Chaka chimene ndikunenachi mano anga akutsogolo anali atagweluka. Inali nyengo ya chiperoni, phiri la Chiradzulu litafunda nkhungu mpaka m'miyendo, nandolo akuyamba kukhwima m'minda. Aphunzitsi a sukulu ya mishoni ankayenda m'makomo kusaka ana. Kwathu amayi anawayankha kuti, "Akapita kusukulu, mbuzi andidyetsera ndani?" N'chifukwa chake mpaka lero ndimadinda chala. Aphunzitsiwo asanachoke anapempha madzi. Ine ndinatulutsa mtsuko pakhonde, n'kuchotsa mwala uja. Madziwo sanamwe. Anagwada pa dothi, buluku loyera lija osalimvera chisoni, maso ali pamwala.

Anatiuza zambiri, koma zimene zinakhala m'mutu mwanga ndi izi: tsamba limeneli linagwa m'matope anthu asanakhaleko, phiri lathuli lisanamere, ndipo mtengo wake unatha kale padziko. Anati ku Limbe kuli mzungu wotolera miyala yotere, amaisunga m'kabati yagalasi, ndipo anthu ophunzira akaiona amadziwa mmene dziko linalili kalelo. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa, "Nanga mtsuko wanga ndivindikira chiyani, aphunzitsi?"

Akanapita osabwereranso, nkhani ikanafera pomwepo. Koma anabweranso. Anabweranso ulendo wina atanyamula mbale yatsopano yachitsulo, yamaluwa ofiira m'mbali, kuti asinthane. Amayi anakana. Apa m'pamene mudzi unayamba kununkhiza.

Kuchitsime azimayi ankasiya kulankhula ine ndikafika. Ena ankati mwalawo ndi mankhwala amene abambo anatumiza kuti amayi asakwatiwenso. Ena ankati aphunzitsi sakufuna mwala, akufuna mwini mtsuko. Anansi amene ankamwa madzi athu kuyambira kale anayamba kunena kuti alibe ludzu. Ngakhale ine ndinayamba kuuopa. Ndinkathyola masamba a mango, a masuku, a bulugamu, n'kumafanizira mobisa. Panalibe lofanana nalo.

Koma amene anadwala nayo nkhaniyi anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu. Ankabwera m'mamawa uliwonse, n'kukhala pakhonde atafunda thumba, akuuyang'ana mwalawo ngati mmene galu amayang'anira una.

"Achemwali, mzungu sapenga," ankatero. "Masamba ali mbwee m'phirimu, aulere. Angatume munthu wa buluku loyera chifukwa cha tsamba? Chimene akufuna chili mkati. Tsambali ndi chidindo chabe, chosonyeza pobisika chuma."

"Achimwene, usiyeni mwala wanga."

"Ehe! Wanu. Ndiye kuti mukudziwapo kanthu."

Musawaseke atsibweni. Anali ataona mitengo ya m'phiri ikupita, fodya akupita, amuna amphamvu akupita, ndipo palibe chimene mlendo anachifuna n'kupezeka kuti n'chopanda pake. Nzeru zawo zinali zoona ndithu, kungoti zinagwera pa mwala wolakwika. Ndiponso ine ndinali kumbali yawo. Ndinkawaona amayi m'mawa, asanatunge madzi, akuika chikhatho pamwalapo n'kukhala kaye zii. Ndinkati akumvetsera ngati chuma chija chikanalimo.

Tsiku la msika amayi anasenza nandolo wamuwisi kupita ku Njuli. Asanazimiririke n'komwe kuseri kwa nthochi, atsibweni anatulukira ndi chikwanje. Anaimika mwala uja chammbali pamtondo wogadabuza, n'kuika mpeni wa chikwanjecho m'mphepete, n'kumenya ndi chikuni. Unang'ambika bwinobwino ngati chinangwa chophika. Fungo lake ndikulikumbukirabe, ngati la mvula yoyamba pa fumbi.

Mkatimo munali tsamba lina. Lokongola kuposa lapamwamba lija, lakuda bii, lonyezimira, ndipo chithunzi chake chili mbali inayo ngati zikhatho ziwiri zimene zinali zitagwirana.

"Waona?" anandiuza atsibweni. "Chidindo china. Tayandikira."

Anang'ambanso. Tsamba. Anang'ambanso. Masamba awiri opingasana, ndi kanthambi. Mwala uja unkangopyapyala, iwo thukuta kamukamu m'chisanu chonsecho. Zidutswa zitachepa moti chikwanje sichikanagwiranso, anatenga musi n'kusinja, n'kupeta m'lichero la amayi. Munatsala fumbi lakuda, lothimbiriritsa manja.

Aphunzitsi anafika masana omwewo, mbale yawo ija ili m'khwapa. Anakhala pansi, n'kumatola tizidutswa m'dothi, akuyesa kutilumikiza. "Munali masamba ambiri chonchi?" Ananena zokhazo, n'kuisiya mbale ija pakhonde. Atsibweni anawayang'ana m'maso kufuna kuona bodza, ndipo mpaka imfa yawo ankati aphunzitsi anadziwa kumene chumacho chinathawira.

Chaka chatha mdzukulu wanga wa ku sekondale anandionetsa pafoni miyala yangati wathu uja, ili m'magalasi, anthu ataizungulira. Anati ophunzira amaisamala ngati mazira, ndipo olemera amalimbirana. Ndinangoti, kodi! Aphunzitsi aja sananame ngakhale liwu limodzi. Chuma chake chinali tsamba lomwelo, poyera, pamene tonse tinkaliona tsiku ndi tsiku.

Amayi atabwera madzulo, ndinkadikira mkuwo. Sanakuwe. Anatula dengu, anayang'ana mtsuko uli yasa, anayang'ana mlongo wawo, atsibweniwo n'kuzolika. Kenako anagwada pamene panagwada aphunzitsi, n'kusankha kachidutswa kamodzi, kochepa ngati chala chachikulu, kokhala ndi nsonga ya tsamba. Anakamanga pa mfundo ya nsalu yawo, paja azimayi amamangapo ndalama.

Ine ndinati basi, atsibweni ananena zoona, chuma chinali m'kachidutswa kameneko ndipo amayi ankadziwa. Nyengo yonse ya nandolo ndinadikira tsiku loti akamasule mfundoyo kusitolo, andigulire diresi. Sanamasule. M'mawa uliwonse dzanja lawo linkapitabe pamtsuko, n'kupeza mbale yozizira ya aphunzitsi, n'kubwerera kukagwira mfundo ija. Ndinkadabwa kuti munthu wochenjera ngati amayi akusungiranji chuma ife tikuvala zigamba. Sindinkadziwa kuti pa zinthu zonse za m'nyumba mwathu, chimene abambo anachigwirapo ndi manja awo chinali mwala umenewo wokha.